Musakhale pa Mpando wa Agogo!

Kachiwala anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi Agogo ake aamuna. Anamupatsa chifukwa mtsikanayu sankakhala pansi. Ankangodumphadumpha.

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusambira. Osati kupondaponda madzi m'mphepete ayi. Ankafuna kusambira kwenikweni, mapazi osagunda pansi.

Banja lonse linkapita kunyanja kukapuma. Linkapita kamodzi pachaka. Linkakhalako tsiku limodzi basi.

Chaka chatha Agogo anati, "Chaka chamawa udzayandama, Kachiwala. Ndidzakuphunzitsa ndine."

Koma Agogo anadwala. Kenako anamwalira. Kachiwala analira kwambiri. Ankawasowa tsiku lililonse.

Tsiku lopita kunyanja linafika. Kachiwala anadzuka m'mamawa. Anavaliratu zosambirira m'kati mwa diresi. Anaima pakhomo, thaulo lili paphewa.

"Tiyeni!" anatero. "Tiyeni tizipita!"

"Dikira pang'ono," anatero Azakhali.

Azakhali anali achemwali awo a Bambo. Anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina. Akalankhula, ngakhale Bambo ankaima njo ngati mwana wasukulu.

Azakhali anatuluka m'chipinda cha Agogo. Ananyamula mpando wandalema. Miyendo yake inali yamatabwa. Pokhalira panali nsalu yolimba yamizeremizere.

Agogo anali kalipentala. Mpandowo anaupanga okha ali mnyamata. Nsalu yake anasoka ndi amayi awo a Agogo. Ndiye mpandowo unali ndi zaka zambiri kuposa Bambo. Unali ndi zaka zambiri kuposa Azakhali. Ndipo kulemera kwake, ha! Ngati thumba la simenti.

"Mpando wa Agogo ukupita nawo," anatero Azakhali. "Sunatsalepo chaka n'chimodzi chomwe."

Bambo anafuna kuuika kumbuyo kwa galimoto, pamodzi ndi zikwama.

"Achimwene!" anakuwa Azakhali. "Mpando wa bambo athu pansi pa zikwama? Ukhala m'kati."

Mpando unakhaladi m'kati. Unatenga malo aakulu. Kachiwala anapanikizika pakhomo la galimoto. Mwendo wa mpando unkamubaya m'nthiti njira yonse.

Kachiwala anatupitsa masaya. Ankangoganiza za madzi.

Anafika kunyanja dzuwa litakwera. Madzi anali mbee! Mafunde ankabwera, n'kubwerera. Ana ena ankasambira. Ankakuwa. Ankaseka.

Kachiwala anavula nsapato. Anayamba kuthamanga.

"Iwe, bwera kuno!" anaitana Amayi. Anali atabereka khanda kumsana. "Lamulo lija waiwala?"

Kachiwala sanaiwale. Mwana salowa m'madzi popanda munthu wamkulu. Lamulo linali limenelo.

"Ndiye ndilowa ndi ndani?" anafunsa.

"Dikira pang'ono," anatero Bambo. "Tiyambe taika mpando."

Bambo anasenza mpando. Mchenga unali wotentha. Bambo anayenda akubuula. Anauika pansi pa mtengo.

"Si pamenepo," anatero Azakhali. "Bambo athu ankauika pafupi ndi mwala uja."

Bambo anasenzanso mpando. Anauika pafupi ndi mwala.

"Ine ndikukumbuka kuti unkakhala pafupi ndi madzi," anatero Amayi.

Bambo anasenzanso mpando. Anauika pafupi ndi madzi. Thukuta linali kamukamu.

Bambo ankayendetsa basi masiku asanu ndi limodzi pamlungu. Lero linali tsiku lawo lopuma. Anayang'ana mpandowo. Anausa moyo. Anayamba kupinda mawondo.

"Achimwene! Musakhale pa mpando wa Agogo!"

Bambo anadzidzimuka. Anakhala pamchenga. Mchenga unawawotcha. Anadumpha ngati aponda moto.

"Bambo, tsopano tiyeni m'madzi," anatero Kachiwala.

"Dikira pang'ono," anatero Azakhali. "Dzuwa likuwomba mpando. Nsalu isuluka."

Ambulera inalipo imodzi yokha. Azakhali anaitambasula. Anaizika pafupi ndi mpando. Mpando unakhala pamthunzi. Anthu anakhala padzuwa.

Taganizani! Mpando pamthunzi, anthu padzuwa!

Kenako kunabwera mphepo. Ambulera inagwa. Bambo anaidzutsa. Inagwanso. Bambo anaidzutsanso.

"Ingoigwirani, Achimwene," anatero Azakhali.

Bambo anaima chilili. Anagwira ambulera ndi manja awiri.

Kachiwala anapita kwa Bambo. "Bambo, tiyeni m'madzi."

"Dikira pang'ono. Ndagwira ambulera."

Kachiwala anapita kwa Amayi. "Amayi, tiyeni m'madzi."

"Dikira pang'ono. Ndikuyamwitsa mwana."

Kachiwala anapita kwa Azakhali. "Azakhali, tiyeni m'madzi."

"Dikira pang'ono. Ndikupukuta mpando."

Azakhali ankapukuta mchenga pampando. Mphepo inkabweretsa wina. Azakhali ankapukutanso. Mphepo inkabweretsanso wina. Kodi munthu angathane ndi mchenga kunyanja?

"Zandikwana!" anatero Kachiwala chapansipansi.

Anakhala pansi. Anakumba dzenje. Analikwirira. Anakumbanso lina. Kutsogolo kwake mnyamata wina analumphira m'madzi, chubwi! Kachiwala anatembenuka. Sanafune n'komwe kuona.

Dzuwa linafika paliwombo.

"Tiyeni tidye," anatero Amayi.

Anadya buledi ndi mazira owiritsa. Kachiwala anadya mwamsangamsanga. Anatsala pang'ono kutsamwa.

"Ndamaliza! Tiyeni m'madzi!"

"Munthu salowa m'madzi atangodya kumene," anatero Azakhali. "Dikira pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindikufuna maso a nkhono," anatero Kachiwala. "Ndikufuna kusambira."

Amayi anabisa nkhope kumsana kwa khanda. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Nthawi yomweyo kunabwera funde lalikulu. Linathamanga pamchenga, waaa! Linanyambita miyendo ya mpando.

"Mayo ine! Mpando!" anakuwa Azakhali.

Bambo anataya ambulera. Ananyamula mpando. Ambulera inauluka. Inagubuduka pamchenga. Amayi anaithamangira, khanda lili kumsana. Khanda linayamba kulira.

Mpando unabwerera pansi pa mtengo uja. Pomwe paja Bambo anauika poyamba.

Kumeneku ndiye kunali kupuma kwa banjali. Bambo anagwira msana. Amayi anali wefuwefu. Khanda linali kulira. Amene anapuma bwino tsikulo unali mpando.

Kachiwala anagwira dzanja la Bambo. Anayang'ana wotchi.

"Tibwerera nthawi yanji?" anafunsa.

"Muvi waung'onowu ukafika pa folo," anayankha Bambo.

Muviwo unali utadutsa kale pa thu. Kachiwala akapanda kulowa m'madzi lero, ndiye mpaka chaka chamawa. Chaka chathunthu!

"Bambo, chonde."

"Dikira pang'ono. Madzi akumwa atha. Ndikatenge ena m'galimoto."

Bambo anapita. Amayi anapita nawo kukasintha khanda thewera. Azakhali anasonkhanitsa mbale.

"Ndili pampopi apo, ndikutsuka mbale," anatero Azakhali. "Iwe londera mpando. Aliyense asakhalepo. Wamva?"

"Ndamva."

Kachiwala anakhala pamchenga. Anayang'ana mpando. Mpando unangoti phee.

"Iwe mpando iwe," anatero Kachiwala. "Wandidyera tsiku langa."

Kenako anadzimvera chisoni. Unali mpando wa Agogo. Anausisita pamkono. Thabwalo linali losalala. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Malalanje! Malalanje okoma!"

Kunabwera mayi wina wachikulire. Anasenza dengu lalikulu pamutu. Ankayenda pang'onopang'ono. Mapazi awo anali otupa.

Kachiwala anawazindikira. Anali mayi ogulitsa malalanje. Ankadutsa pamenepa chaka chilichonse.

Mayiwo anaima pansi pa mtengo. Anatula dengu. Anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Uuu! Dzuwa la lero," anatero. "Miyendo yanga yakana."

Kachiwala anayang'ana mapazi otupa aja. Anayang'ana mpando. Anayang'ana kumpopi. Azakhali anali atafulatira.

Kachiwala anakumbuka chaka chatha. Anakumbukanso chaka chinacho. Ankadziwa bwino zimene Agogo ankachita.

"Khalani apa, amayi," anatero. "Mupumeko."

Mayiwo anakhala. Mpando unalira, kwii! Mayiwo anatambasula miyendo. Anatseka maso.

"Eya," anatero. "Mpando uwu ndimaudziwa. Nanga akuluakulu aja ali kuti? Ali m'madzi kale?"

"Agogo anamwalira," anatero Kachiwala.

Mayiwo anatsegula maso. Anagwira pakamwa.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Pepa kwambiri."

Khwengwengwe!

Mbale zinagwa pansi. Azakhali anali ataima kumbuyo kwawo. Maso anali tong'o.

"Kachiwala! Ndinati chiyani?"

Mayi a malalanje anafuna kudzuka. "Pepani, mayi. Sindimadziwa."

"Musadzuke," anatero Kachiwala.

Bambo ndi Amayi anali atangofika. Onse anaima kukamwa yasa. Palibe amene anali atawayankhapo Azakhali chonchi.

Koma Kachiwala zinali zitamukwana. Zinamukwana m'galimoto. Zinamukwana pamchenga. Tsopano zinasefukira.

"Zandikwana!" anatero. "Chifikireni tikungosamala mpando! Mpando pamthunzi! Mpando pamwala! Mpando pamtengo! Koma Agogo sankakhala pa mpando umenewu!"

"Usalankhule choncho," anatero Azakhali. "Unali mpando wawo."

"Pepani, Azakhali," anatero Kachiwala. "Koma ndifunseko. Chaka chatha m'mawa anakhalapo ndani?"

Bambo anakanda m'mutu. "Ndine," anatero. "Bambo athu anati, 'Wayendetsa galimoto. Khala apa.'"

"Nanga masana?"

"Ndine," anatero Amayi. "Nthawi imeneyo ndinali woyembekezera. Anandiikira ndi thaulo kumsana."

"Inenso ndinakhalapo," anatero mayi a malalanje. "Chaka chilichonse ankandiitana. Ankati, 'Tulani dengu, mupumeko.'"

Onse anatembenukira kwa Azakhali.

Azakhali anayang'ana pansi. "Ine ndinkakhalapo titatha kudya," anatero. "Ndinkangotseka maso pang'ono."

"Munkaliza mkonono, Achemwali," anatero Bambo.

"Sindiliza mkonono ine!"

"Nanga Agogo ankakhala kuti?" anafunsa Kachiwala.

Onse anayang'ana kunyanja.

"M'madzi," anatero Bambo pang'onopang'ono. "Ankakhala m'madzi ndi iwe."

"Tsiku lonse," anatero Amayi.

Zinalidi choncho. Agogo ankasenza mpando kuchokera kunyumba. Ankauika pamthunzi. Ankakhazikapo munthu wotopa. Iwo ankapinda buluku n'kupita kumadzi. Akuluakuluwa sankaona zimenezi bwinobwino. Akanaona bwanji? Anali mtulo pampando!

Azakhali anakhala pamchenga. Anavula magalasi. Misozi inatsika m'masaya mwawo. Kachiwala anali asanaonepo Azakhali akulira.

"Ndikuopa," anatero Azakhali. "Nsaluyi ndi yakale. Ikang'ambika, titsala ndi chiyani cha bambo athu?"

Mkwiyo wa Kachiwala unatha. Anagwada pafupi ndi mpando.

"Azakhali, tasuzumirani kunsiku," anatero.

Azakhali anavalanso magalasi. Anawerama. Anasuzumira kunsi kwa mpando.

Kunsi kunali zigamba. Chigamba chofiira. Chigamba chobiriwira. Chigamba cha buluku lakale la Agogo. Zigamba pamwamba pa zigamba.

"Inkang'ambika kawirikawiri," anatero Kachiwala. "Agogo ankangosoka. Ine ndinkawalowetsera ulusi m'singano."

"Ikadzang'ambikanso ndidzasoka ine, Alamu," anatero Amayi.

Azakhali anakhudza chigamba cha buluku lija. Anaseka uku akulira. Anapukuta misozi ndi nsalu yopukutira mpando ija.

"Khalani, amayi," anauza mayi a malalanje. "Pumani mpaka miyendo ivomere."

Mayiwo anapumadi. Atadzuka, anatenga lalanje lalikulu m'dengu. Analiika m'manja mwa Kachiwala. Bambo anawasenzetsa dengu, ndipo mayiwo anapitiriza ulendo wawo.

"Tsopano khalanipo inu, Achimwene," anatero Azakhali.

Bambo anayang'ana mpando. Ankaufunitsitsa. Msana unkawapweteka. Kenako anayang'ana wotchi. Muvi waung'ono unali pa fili.

Bambo anavula wotchi. Anavula malaya. Anapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Khalanipo inu, Achemwali," anatero. "Ine ndili ndi ntchito kumadzi."

Kachiwala anaponya lalanje kwa Amayi. Anavula diresi. Anathamanga ngati akumuthamangitsa.

Chubwi!

Madzi anali ozizira bwino. Kachiwala anakuwa ndi chimwemwe. Anacheuka. Bambo anali akadali m'mphepete. Anali ataviika chala chimodzi cha kuphazi.

"Iii, akuzizira," anatero Bambo. "Dikira pang'o..."

"Ayi!" anakuwa Kachiwala. "Ayi, ayi, ayi!"

Anawagwira dzanja. Anawakoka. Bambo anaterereka. Khuvu! Ananyowa thupi lonse. Anadzuka akulavula madzi. Kumtunda Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Anayenda mpaka madzi anafika pachifuwa cha Kachiwala.

"Gona chagada," anatero Bambo. "Ndaika dzanja kumsana kwako."

Kachiwala anagona chagada. Madzi analowa m'makutu. Anachita mantha. Anadzuka msanga.

"Ndimira!"

"Sumira. Gonanso."

Anagonanso. Anadzukanso. Anagonanso. Anamwa madzi. Anatsokomola.

"Zikukanika," anatero Kachiwala. Anamenya madzi ndi dzanja. "Ndikanakhala ndi Agogo, bwenzi nditatha."

"Inenso anandiphunzitsa ndi iwo," anatero Bambo. "Ndinamwa madzi ambiri kuposa iwe. Gonanso. Tambasula manja. Kweza mimba."

Kachiwala anagonanso. Anatambasula manja. Anakweza mimba. Anamva dzanja la Bambo kumsana. Linali lalikulu. Linali lofunda.

"Tsopano yang'ana kumwamba," anatero Bambo. "Kuli mbalame. Uziwerenge mokweza."

"Imodzi," anatero Kachiwala. "Ziwiri. Zitatu."

"Pitiriza."

"Zinayi. Zisanu. Iyo ikuthawa! Zisanu ndi imodzi."

Madzi ankamunyamula. Ankamutsitsa. Ankamunyamulanso. Mapazi sankagunda pansi. Kunali bwino kwambiri.

Kenako anamva kuwomba m'manja. Phu, phu, phu!

Kachiwala anapendeketsa mutu. Amene ankawomba m'manja anali Bambo. Anali ataima poteropo. Manja onse awiri anali m'mwamba.

"Bambo! Dzanja lija lili kuti?"

Kachiwala anaiwala kukweza mimba. Anamira pang'ono. Bambo anamuvuula msanga. Anamunyamula pachifuwa.

"Munachotsa dzanja!" anatero Kachiwala akutsokomola.

"Ndinachotsa pa mbalame yachiwiri," anatero Bambo. "Zinayi zinazo unali wekha."

"Ndekha?"

"Wekha. Wayandama, Kachiwala."

"Koma simunandiuze!"

"Agogo ako nawonso sanandiuze," anatero Bambo. "Iwonso bambo awo sanawauze. Kwathu kuno timaphunzitsana choncho."

Kachiwala anafuna kukwiya. Anayesa kutupitsa masaya. Koma masaya anakana. Kuseka kunatuluka kokha.

Kumtunda Amayi anakweza khanda m'mwamba kuti lione. Azakhali anadzuka pampando. Anathamangira kumadzi, nsapato zili kuphazi.

"Ndaona!" anakuwa Azakhali. "Ndaona ndi maso angawa!"

Kachiwala anapukuta madzi kumaso. Anagonanso chagada. Anatambasula manja.

"Bambo, ikaninso dzanja," anatero. "Ndipo pochotsa musandiuze."